Chipsera cha Simbi pa Diresi ya Mlamu

Pamzere wa mashopu oyang'anana ndi depoti pali mayi wina wosoka zovala. Dzina lawo lenileni linadyedwa ndi makoswe, aliyense amangoti a Ndakhululuka. Mayiwa chikhululuko amagawa ngati timapepala totsatsa malonda, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ukaponda kansalu kawo pakhonde amakukhululukira mokweza, mpaka wometa wa shopu yachitatu amazimitsa makina kuti amve mlandu wako. Amuna awo anakhululukidwa kasanu Lolemba lokha, mwa zina chifukwa chotsokomola pemphero lili mkati. Munthu ukhoza kudzuka wosalakwa, koma ukangodutsa pashopupo umakafika kwanu wokhululukidwa, mutu uli pansi.

Tsiku lina mlamu wawo, mkazi wa malemu achimwene awo, anabweretsa nsalu yobiriwira kuti amusokere diresi. Inali yomaliza imene bamboyo anamugulira asanagonekedwe m'chipatala, ndipo inagona pansi pa sutikesi zaka zitatu. Mlamuyu sayankhulayankhula, ntchito yake ndi yokolopa pasukulu, ndipo pa abale onse ndi yekhayo amene ankabwerabe kudzacheza pashopupo. Enawo anatopa nako kukhululukidwa.

Diresi inasokedwa bwino, tisaname, manja ali nawo mayiwa. Zinavuta ndi posita. Anakhazika simbi paphewa la diresi n'kutembenuka kuti afotokozere kasitomala momwe anakhululukira mlembi wa kwaya amene anawaimika mzere wakumbuyo. Nkhani imeneyo ndi yaitali, ili ndi mavesi ake. Pomwe fungo limawafika m'mphuno, simbi inali itasaina kale.

Masiku awiri mutu unali waukulu. Mlamu akakwiya n'kusiya kubwera, atsala ndi ndani? Mawu oti pepani anawafunafuna m'kamwa monse, koma poti anali asanawagwiritsepo ntchito, sanadziwe kuti amagwiridwa mbali iti. Mlamu atafika, chimene chinatuluka ndi ichi:

"Alamu, ine ndakukhululukirani pondibweretsera nsalu yoopa moto chonchi."

Mlamu anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Anachisisita ndi chala, anapinda diresi yake, anathokoza, n'kumapita.

Lamulungu anaivala kutchalitchi. Anakhala pabenchi ya kutsogolo kwenikweni kwa a Ndakhululuka, nsonga ya chipsera ikuwaloza ulaliki wonse. Potuluka, amayi anamuzungulira kufunsa kuti wachita chipongwe chotere ndani. Iye anangoti simbi ilibe maso, n'kuyamba kufunsa za mwana wa wina amene ankadwala. A Ndakhululuka anadikira kuti nkhani iwapeze kudzera kwa wometa. Zii. Lachitatu mlamu anatulukira monga mwa nthawi zonse, anawathandiza kusokerera mabatani, nacheza za mvula yochedwa. Chikhululuko chopanda mboni chotere mayiwa anali asanachionepo, moti chinawalanda njala. Bola akanatukwanidwa, akanapeza chokhululukira.

Loweruka anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, napita kunyumba kwa mlamu. Anamupeza akuyanika zovala kuseri. Anati ayambe ndi vesi, vesi linawathawa. Anangoima atagwira chingwe ngati nawonso akufuna kuyanikidwa.

"Ndinawotcha ndine. Nsalu inalibe vuto. Pepani."

"Mwati bwanji, alamu? Makutuwa ayamba kukalamba."

Anabwereza mokweza pang'ono, moti mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo. Mlamu anaseka mpaka kugwetsa mapegi, kenako anapukuta m'maso ndi kunsi kwa dzanja. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi diresi ija.

"Ikanipo kaduwa pamenepa. Koma kusita ndidzasita ndekha."