A Kefasi Abwerera pa Benchi ya Fomu 4

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa Lachiwiri m'mwezi wa Febuluwale, chaka cha 2004, m'mudzi wina wa ku Chiosya. Mame akadali pa masamba a mtedza ndipo akuluakulu atsogola kale kumunda kukathyola fodya. Pansi pa mkuyu pali bolodi lotsamira pa thunthu, ana a Sitandade 3 akhala pa njerwa. Patsogolo pawo paima bambo wamtali, wa shati yoyera yosita ndi ayironi ya makala, choko kudzanja. Mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu akupinda maondo. "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Bamboyo akuyankha mwaulemu, koma maso ali pansi. Amenewo ndi a Lameki Kefasi. Masana a tsiku lomwelo ndi pamene ndinawaona koyamba, atabwera kudzalembetsa ngati wophunzira m'kalasi mwanga.

A Kefasi analemba mayeso a Fomu 4 mu 1991. Masamu anakhoza bwino, zaulimi anakhoza, Chichewa ndiye osanena. Chingerezi chinawagwetsa, ndipo munthu akagwa Chingerezi satifiketi palibe. Kumudzi anangonena kuti, "Zatuluka," anthu n'kumva kuti zatuluka bwino, iwo osawakonza. Anapita kukagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya, kuyeza mabelo. Atabwerako mu 1995 anapeza ana atasefukira pa sukulu ya m'mudzimo, pakuti pulayimale inali itakhala yaulere, koma aphunzitsi anali awiri okha. Makolo anawapempha kuti athandize. Ankawathokoza ndi chimanga ndi mtedza akakolola. Kuyambira pamenepo dzina loti Lameki linangotsala m'kamwa mwa akazi awo, a Anastazia. Wina aliyense ankati aphunzitsi.

Kumayambiriro kwa 2004 ahedi a pa sukulupo anawaitanira pambali. Anawauza kuti aphunzitsi ochokera ku koleji ayamba kufika m'dera lonselo, ndipo akakwana, odzipereka adzapuma. "Inu satifiketi muli nayo. Lembani kalata ku koleji msanga, zaka zikupita." A Kefasi anavomera ndi mutu. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, ana atatu, ndi kalasi imene ankaikonda kuposa munda wawo.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Chingerezi pa sekondale yoyendera kufupi ndi msika wa Mkanda. Ana a m'mawa akaweruka tinkalandira ena, obwereza mayeso ndi amene sanasankhidwe. Sukulu ya masanayi anthu ankaitcha naiti, ngakhale tinkayamba dzuwa litangopendeka n'kuweruka lisanalowe. Panali sekondale ina pafupi ndi kwawo, koma a Kefasi anasankha kupalasa njinga mtunda wonsewo kuti asakumane ndi munthu wowadziwa. Anandifotokozera zonse mu ofesi, chipewa chili m'manja, mawu ali apansipansi.

"Madamu, ndingokhala kumbuyo. Musandifunse funso pagulu. Ntchito ndizikupatsirani kuno."

Ndinawauza kuti tiyambe kaye, zinazo tiona.

Sanafike n'komwe kumbuyoko. Atangolowa m'kalasi, mtsikana wina wa pa benchi yachiwiri, Enifa, anaimirira n'kugwada pakati pa madesiki. Enifa anakulira ku Chiosya, ndipo a Kefasi ndi amene anamuphunzitsa kuwerenga pansi pa mkuyu uja. Tsopano ankakhala kwa azakhali ake ku Mkanda.

"Mwaswera bwanji aphunzitsi? Mwatiyendera?"

Kalasi yonse inaimirira. Mnyamata wina anathamangira ku ofesi n'kubwera ndi mpando wa ndalema, nauika kutsogolo pafupi ndi zenera. A Kefasi anayang'ana mpandowo, anayang'ana Enifa, kenako anati, "Eya, ndabwera kudzaona mmene mukuphunzirira." Anakhala pa mpandopo, mwendo pa unzake, natulutsa cholembera.

"Madamu, lero muphunzitse bwino," anatero Vitus, mnyamata wa pakamwa posatopa amene bambo ake anali tenanti pa esiteti ina. "Boma likuona."

A Kefasi anakhala pa mpando umenewo mwezi wathunthu. Ankalemba zonse za pa bolodi, ana n'kumaganiza kuti akulemba zolakwa zanga. Tikaweruka ankadikira ana onse achoke, n'kubweretsa kope lawo ku ofesi ali cheucheu. Galamala ankaidziwa ndithu. Malamulo a nthawi za aneni ankawalakatula ngati katekisimu. Vuto linali kuwerenga. Ankawerenga liwu limodzilimodzi, chala chili pansi pake, ndipo pofika kumapeto kwa ndime anali ataiwala chiyambi chake. Akafunsidwa funso pa nkhaniyo ankasaka chiganizo chokhala ndi liwu lofanana ndi la m'funsomo, n'kuchikopera chonse.

Matenda amenewa mankhwala ake ndinali nawo, koma sanali omwera mu ofesi. Mabuku tinali nawo ochepa, ndiye ndinkapempha nyuzipepala zakale kwa amayi a geni amene ankabwera nazo kuchokera ku Chipata zokulungira usipa. Ndinkadula nkhani zazifupi n'kugawa ana awiriawiri. Mmodzi ankawerenga mokweza, mnzake n'kumamuimitsa akalakwa katchulidwe kapena akadumpha mpumiro. Akatha ndime, womvera uja ankavundikira pepala ndi dzanja n'kufunsa kuti, "Tandiuza m'mawu ako, chachitika n'chiyani?" Mawu achilendo ankawasunga mpaka kumapeto, n'kukafola pa dikishonale yathu imodzi yopanda chikuto ija.

Tsiku lina ndinawauza mosabisa. "A Kefasi, pa mpando uja palibe amene anakhozerapo mayeso. Ndikhoza kukuchongerani kope mpaka Okutobala, koma simudzamaliza nkhani ya m'mayeso nthawi isanathe."

"Madamu, mwana uja Enifa ndinamugwira dzanja polemba a, e, i, o, u."

"Ndikudziwa."

"Akakanena kumudzi?"

"Mwina akanena. Nanga ahedi akakufunsani za kalata ya ku koleji, mukawauza chiyani?"

Anatenga kope lawo n'kutuluka. Lolemba lotsatira analowa m'kalasi, ananyamula mpando uja n'kukaubweza okha ku ofesi. Atabwerako anaima patsogolo, manja kumbuyo ngati mwana wochedwa.

"Anzanga, ndinakunamizani. Sindine woyendera sukulu. Ndinalephera Chingerezi inu muli aang'ono, ndiye ndabwera kudzaphunzira ngati inu nomwe."

Palibe anaseka. Ndikhulupirira kuti a Kefasi akanakonda kusekedwa. Anapita kukakhala pa benchi yachiwiri, maondo atagunda desiki. Enifa anasendera kumapeto kwenikweni kwa benchiyo, theka la thupi lili m'malere.

Ndinawaphatikiza awiriwo poganiza kuti munthu wowadziwa adzawaleza mtima. Masabata otsatira a Kefasi anayamba kuoneka omasuka. Ankandiuza potenga njinga yawo kuti zikuyenda, mwana uja sakuwaimitsanso kawirikawiri. Ine ndi magulu ambirimbiri oti ndizungulire sindinkakhalitsa pa benchi yawo, ndipo ndikayandikira ankawerenga Enifa.

Zoona zake anazimva okha. Tsiku lina titaweruka anapeza tayala la njinga litaphwa, ndiye anagwada kuseri kwa kalasi n'kumapopa. Mbali ina ya khomalo Vitus anali atasonkhanitsa anzake. Ananyamula pepala, anaika chala pansi pa mzere, nayamba kuwerenga ndi mawu a a Kefasi enieni, kutchula chilembo chilichonse ngati akuwerenga Chichewa, osapuma pa mpumiro mpaka mpweya kumuthera. Anyamata anagwa nako kuseka. Ine ndinali pa zenera la ofesi, ndipo ndinkaona mbali zonse ziwiri.

"Iwe Vitus, ulibe mwambo," anatero Enifa. "Amene aja ndi aphunzitsi anga."

"Nanga ndanama? Iwe ukamati 'Mwakhoza aphunzitsi, mwakhoza aphunzitsi,' amakhala atakhoza?"

"Ndimamva kuti alakwa. Koma ndinganene bwanji? Kwathu amayi akamva kuti ndikuwadzudzula a Kefasi, ndikalowera khomo liti?"

"Ndiye agwanso, iwe ukuwaombera m'manja."

A Kefasi anasiya kupopa. Anaimirira, anamangirira pampu, nakankha njinga yakuphwayo kudzera njira ya kumunda kwa sukulu kuti asadutse pamene panali anawo. Sabata yonse sanabwere.

A Anastazia ndi amene anandiuza pambuyo pake za sabata imeneyo. Bambowo ankapita kukaphunzitsa m'mawa, akabwera n'kugona chafufumimba masana, ati mutu. Chinkawapweteka kwambiri sichinali kusekedwa ayi. Ankangobwereza kuti, "Ndamuchititsa mwana kunama. Ine ndinamuphunzitsa kuti bodza ndi loipa, lero akunama chifukwa cha ine." Tsiku lachisanu mayiwo anatenga njinga, anakaimatitsa okha kwa wokonza, n'kuiimika pakhomo.

"A Lameki, manyazi mwakhala nawo zaka zonsezi ndipo sanatiphe. Koma akakuchotsani pansi pa mkuyu paja, ndiye mudzadwala zenizeni. Njinga iyo."

A Kefasi anabwera Lolemba. Sanapite pa benchi yachiwiri. Analunjika kumbuyo kumene kunkakhala Vitus, ndipo mnyamatayo atawaona anayamba kusonkhanitsa makope ake, pakuti anali atamva kuti tsiku lija anamveka.

"Khala pansi. Amayi ako ndi a mfunda wanji?"

"Ndi Nabanda," anayankha Vitus, maso ali pa ine ngati wopempha thandizo.

"Basi. Bambo anga anali aBanda. Ndiye kuti amayi ako ndi mlongo wa bambo anga, ndi azakhali anga. Iwe ndiwe ndani wanga?"

Vitus anaganiza pang'ono. "Msuweni."

"Msuweni amamuopa msuweni wake?"

"Ayi."

"Akamunyoza pamakhala mlandu?"

"Sipakhala."

"Ndiye sendera uko, msuweni, ndikhale. Zija umachitira kuseri kwa khoma uzichitira pompano, ine ndikumva."

Apa ndiye kalasi inaseka, kuseka koyamba chibwerere a Kefasi, ndipo iwonso anaseka pang'ono, thukuta lili pamphumi. Patapita zaka ndinamva kuti bambo awo anali aMbewe.

Vitus sanachedwe kuzolowera chisuweni chakecho. Ndikadutsa pa benchi yawo ndinkamva zinthu zoti mwana wina aliyense akananena kwa munthu wamkulu akanapatsidwa chibalo.

"Asuweni, imani. Apo pali mpumiro, mwadutsa ngati njinga yopanda mabuleki."

"Ndabwerera."

"Chalacho chotsani. Mukusankha mtedza kapena mukuwerenga?"

"Chikachoka ndisochera."

"Socherani, tikakusakani. Tsopano ndavundikira. Mayi wa m'nkhaniyi wapita kuchipatala chifukwa chiyani? M'Chingerezi, asuweni, Chichewa tasiya panja."

Sikuti manyazi anatha. Nthawi iliyonse Vitus akawaimitsa, a Kefasi ankayamba ayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamva. Pofola pa dikishonale ana ankawapatsa malo kutsogolo, iwo n'kukana, n'kuima kumapeto mutu uli pansi. Tsiku limene ndinawauza kuti awerenge kalasi yonse ikumva, anagoneka pepala pa desiki. Anawerenga ndime yonse. Analakwa liwu limodzi loonekeratu, ndipo Vitus asanatsegule pakamwa, kunamveka mawu aang'ono kuchokera pa benchi yachiwiri akulitchula molondola. Anali Enifa, nkhope atabisa m'manja.

"Zikomo, mayi," anatero a Kefasi, nalibwereza.

Kumudzi nkhani inafika ndithu, osati ndi Enifa koma ndi ogula mtedza a pa njinga. Tsiku lina Lamulungu potuluka m'tchalitchi bambo wina wa m'komiti ya sukulu anawafunsa pagulu ngati n'zoona kuti aphunzitsi a ana awo akukhala pa benchi limodzi ndi ana a matenanti. A Kefasi anati n'zoona, ndipo anawonjeza okha zimene sanafunsidwe, kuti satifiketi analibe chiyambire. Makolo ena anakwiya, ndipo chaka chimenecho mabanja angapo sanapereke chimanga. Ahedi anawalola kupitiriza mpaka zotsatira zitatuluka, osapitirira pamenepo.

Miyezi yotsalayo ankanyamula zidutswa za nyuzipepala m'thumba la shati, zonunkha usipa, n'kumawerenga pa nthawi yopuma ana akusewera. Pofika Seputembala ankamaliza nkhani ya mayeso akale nthawi isanathe, ngakhale chimangirizo chawo chinali chouma ngati lipoti la mabelo. Mayeso analembera m'chipinda chimodzi ndi Vitus ndi Enifa, atavala shati yoyera ija, woyang'anira mayeso atayamba wawafunsa ngati abwera kudzathandiza kugawa mapepala.

Zotsatira zitafika sanalowe mu ofesi. Anaima panja atagwira njinga, natuma msuweni wawo kuti akawaonere. Vitus anatuluka akuyenda pang'onopang'ono dala.

"Asuweni, mwandichititsa manyazi. Ine mphunzitsi wanu Chingerezi ndangopeza 7, inu mwandiposa, mwapeza 6."

A Lameki Kefasi analandira satifiketi yawo ya Fomu 4 mu 2005, analowa koleji ya aphunzitsi chaka chotsatira, ndipo mu 2008 anabwerera ku Chiosya ngati mphunzitsi wolembedwa ndi boma.