Dzanja Limene Ndinabisira Bambo

Ndikukumbukira nthawi imene ndinali ndi zaka khumi, tikukhala kunja kwa Malawi, m'nyumba ya lendi ku Tsholofelo. Bambo anali dokotala wowerenga zithunzi za ekisireyi, makamaka za mafupa ndi mfundo. Pambali pa ntchito ankachita kafukufuku wa mafupa a ana othyoka amene afika mochedwa kuchipatala, ndipo madokotala a m'mayiko ena ankawalembera makalata kufunsa nzeru. Kunyumba anali munthu wosalankhulalankhula. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi, unkamva ngati akukuona mpaka m'kati. Ine ndinkawaopa, ngakhale sanandimenyepo.

Kuseri kwa mpanda kunali mtengo wa mfula umene anandiletsa kukwera. Tsiku lina masana, mayi atapita kumaliro ku Malawi, ndinakwera. Nthambi inathyoka ndipo ndinafikira dzanja lamanzere. Ndinamva kuti thwa pamfundo.

Ndinathamangira kwa mayi Phiri, amene ankatigwirira ntchito, Mmalawi wobadwira ku Zimbabwe. Ndinawauza kuti ndangobinya, ndipo ndinawachonderera kuti asanene. Iwo anachita zimene aliyense kwathu akanachita: anatenthetsa madzi, n'kundithowa ndi kansalu, kenaka n'kukoka dzanjalo kuti misempha ibwerere m'malo. Ndinaluma pilo kuti anthu oyandikana nawo asamve. Anandithowa choncho masiku asanu, ine n'kumavala juzi ya manja aatali dzuwa la Febuluwale likuswa mtengo. Ndinkaganiza kuti ndine wochenjera kwambiri.

Loweruka m'mawa bambo anandipatsira kapu ya tiyi, ndipo ndinailandira ndi dzanja limodzi, chinthu chimene mwana wa m'nyumba mwathu sankachita. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Tadala, vula juziyo."

Dzanja linali litatupa ngati chinangwa, litapindikira kumbali. Sanakalipe. Anangofunsa kuti papita masiku angati, ndipo nditayankha, anatenga makiyi a galimoto. Tinanyamuka ulendo wa kuchipatala, kudutsa ku Maruapula. Ine ndinkalira chamumtima, ndikuganiza kuti dzanjalo akalidula.

M'chipinda chojambulira munkazizira, munkanunkha mankhwala. Anandijambula manja onse awiri, monga ankachitira ndi mwana aliyense kuti afananize. Kenaka anapachika zithunzizo pagalasi lowala, n'kuitana dokotala mnzawo. Ndinamva akumufotokozera kuti fupa lathyokera pamalo pamene limakulira, kuti layamba kale kugwirana mokhota, ndipo mwina silidzakulanso bwino. Chala chawo chinali pachithunzipo, nkhawa ikuonekera pankhope pawo. Apo mpomwe mantha anga anafika pachimake, chifukwa sindinkadziwa kuti bambo nawonso amatha kuopa.

Atandiika chikhakha, anagwada kuti tifanane msinkhu.

"Masiku asanu, mwana wanga? Ululu wonsewu unali wopepuka kuposa kundiuza ine?"

Ndinaweramitsa mutu, ndipo iwo anamva yankho.

Bambo sanawachotse ntchito mayi Phiri; anangowaonetsa chithunzicho n'kuwafotokozera zimene kukoka kumachita. Koma kafukufuku wa bambo anasintha. Kale ankangolemba kuti makolo amachedwa kubweretsa ana. Kuyambira pamenepo anayamba kufunsa anawo paokha, makolo ali panja, kuti anauza ndani ndipo ankaopa ndani. Zimene analemba pa nkhaniyi ndi zimene zinawatchukitsa, ndipo ophunzira awo anatengera kafunsidwe kameneko. Chithunzi changa chili m'zolembazo, chopanda dzina.

Dzanjalo linachira, koma ndi lalifupiko pang'ono, ndipo kukazizira limandikumbutsa. Kwa zaka zambiri ndinkati ndi chilango cha kusamvera. Lero, pamene ndili ndi ana anga, ndazindikira kuti mtengo unangothyola fupa. Chimene chinalikhotetsa ndi masiku asanu a mantha. Ndiye mwana wanga akalowa m'nyumba ali duu, sindifunsa kuti walakwa chiyani. Ndimayamba ndafunsa pamene pakupweteka.