Mayi Tsache Afika Kusanasesedwe

Pabwalo la ndege ankawatcha Mayi Tsache. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, iwo ndi anzawo ankalowa kukatola nyenyeswa za mabisiketi pakati pa mipando, kupukuta timatebulo, kupinda malamba, n'kutuluka msangamsanga ena asanakwere. Imvi zinawapeza ali pa ntchito imeneyi, koma kuuluka anali asanaulukepo.

Ndege imene ankayeretsayo inkapita kumzinda komwe amuna awo ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Inkanyamuka, kukafika, n'kubwerako iwo asanaweruke. Koma iwo akafuna kukaona bambowo ankalawirira basi, n'kukafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, msana uli gwa. Chowatonthoza chinali kachipinda komwe ankafikira: pansi posesa, bedi loyala bwino, mbale zovundikira, eniake atameta ndevu. Kwa anzawo ankanyadira kuti, "Anga aja ndi aukhondo kuposa ine."

Tchuthi china chitayandikira, kapitawo wawo anawaitanira pambali.

"Mayi, ndege ya mawa m'mawa ili ndi mipando yotsala, ndipo antchito okhalitsa amaloledwa kukwera. Basi ija ipumeko."

Anavomera, koma amuna awo sanawauze. Bambowo ankadziwa zoti mlendo wawo afika madzulo, monga mwa masiku onse.

Anawapatsa mpando wa pawindo. Ndege itakwera, msewu wawo uja anauona pansi uli ngati ulusi, ndipo phiri lomwe basi imalira nalo linadutsa ngati chulu. Bambo wina pambali pawo anagwetsa nyenyeswa, dzanja la Mayi Tsache n'kunyamuka lokha kuti litole. Analibweza n'kulipanira pakati pa mawondo. Tiyi amene anawapatsa asanamalize n'komwe, anamva kuti amange malamba, akutera.

Pofika kunyumba anapeza chitseko chili pululu. Zovala zinali mulu pakhomo, sokosi pawailesi, mapoto atauma ndi zakudya zadzana. Pakati pa zonsezo panaima amuna awo, atavala kabudula, ndevu zili nyankhalala, atanyamula ndowa.

"Mayi a ana," anatero bambowo, "basi yake iti imeneyi?"

"Yam'mwamba." Anayang'ana uku ndi uku. "Ndiye kuti zaka zonsezi ukhondo uja unali wa tsiku limodzi?"

Bambowo anatula ndowa, n'kukanda kumutu.

"Inu mukamakwera basi uko, ine kuno ndimayamba kuchapa. Mukamafika pamlatho ndimakhala ndili pa mbale. Ndevu ndimameta mukuyandikira. Lero mwandidzidzimutsa."

Mayi Tsache anaseka mpaka misozi. Anasuntha mulu wa zovala, n'kukhala pampando, chikwama chili pamiyendo.

"Pitirizani, bambo. Ingoganizani kuti ndikadali pamlatho. Ine ndili pa tchuthi, sindigwira kanthu."

Anakhaladi osagwira kanthu, akungoloza ndi chala pamene pasiyidwa fumbi. Ntchito inatha dzuwa lili pamutu, ndipo awiriwo anapezeka ali ndi masana athunthu osadziwa chochita nawo. Bambowo anavala malaya, n'kuwatenga kuti akaone kumene amagwira ntchito. Kumeneko amuna ovala magalasi akuda anazimitsa makina awo mmodzimmodzi, napukuta manja m'maovolosi, n'kubwera kudzapereka moni kwa alamu awo.