Mpeni Wakuthwa Sunyezimira

Inu amene mantha anakutsekerani m'nyumba, senderani pafupi. Ndikuuzeni za Esnat, mayi wothyola tiyi wa kwa Mphuka ku Thyolo, amene anatha pafupifupi miyezi itatu osatuluka pabwalo la nyumba ya bambo ake.

Zinayamba m'mawa wina mu Epulo, sizoni ya tiyi ikupita kumapeto. Njira yochokera kumudzi kwawo kupita ku esiteti imadutsa m'kankhalango ka bulugama, ndipo m'mawa nkhungu imachedwa kuchokamo. Esnat ankayenda yekha, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Munthu wina anatulukira kumbuyo n'kukoka dengu lija. Zingwe zake zinamugwira m'mapewa, anagwa chagada, ndipo asanadziwe chimene chikuchitika mpeni unali utamucheka pamkono. Wakubayo anatenga foni n'kulowa m'tiyi.

Bala analisoka kuchipatala ku Makwasa ndipo linapola. Chimene sichinapole n'chakuti tsiku limenelo Esnat sanakuwe. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Amayi anzake anali patsogolo pang'ono, poti akanamumva ndithu, koma anangopitirira ndi nkhani zawo osadziwa kanthu.

Kuyambira pamenepo, nkhuku ikangopalasa masamba kuseri kwa nyumba, mtima wake unkagunda ngati uchoka. Ntchito anasiya. Mwamuna wake anali atapita ku Joni zaka zitatu zapitazo n'kuiwala kumene anachokera, ndiye ana awiri ankayang'ana kwa iye yekha. Kapitawo anatumiza uthenga wosazungulira: mvula ikagwa alemba anthu ntchito, ndipo Esnat akapanda kuoneka malo ake apatsa wina.

Nkhani inali imeneyo basi. Pofika Disembala ayendenso njira ya m'bulugama ija, apo ayi ana agona ndi njala.

Mu Julaye, chiperoni chili m'kati, kunabwera Queen, mnzake amene ankathyola naye mzere umodzi.

"Amwali, dzukani," anatero Queen. "Pamsika pabwera Masita Crispin, atsegula sukulu yodziteteza. Akuti mwezi umodzi wokha, wakuba aziyamba ndiye kukuthawani."

Esnat anapita, atagwira dzanja la mnzakeyo njira yonse ngati mwana wopita kusikelo.

Sukuluyo inali m'nyumba imene kale inali golosale. Masita Crispin anali munthu wa chifuwa chotambalala, lamba wakuda m'chiuno, mawu ngati a wolalikira wa m'basi. Pakhoma anapachika masatifiketi asanu ndi limodzi olembedwa m'zilembo zimene palibe ankatha kuwerenga. Kaya anali a karate, kaya ankafotokoza kaphikidwe ka mpunga, ndani akanadziwa? Chitseko chinkatsekedwa. Wachibale wofuna kuonerera sankaloledwa, ndipo mafoni ankasiyidwa pakhomo. Mayi wina atafunsa kuti kodi iwowo anaphunzitsidwa ndi ndani, Masita anamuyang'ana m'maso.

"Zimenezo ndi zinsinsi, amayi. Mwabwerera tireningi kapena mwabwerera mbiri yanga?"

Mtima wa Esnat sunakhazikike ndi yankho limenelo, koma anautontholetsa yekha. Munthu amene akumira sasankha chogwira. Kwa milungu itatu anamenya mateche m'malere pamodzi ndi amayi ena khumi ndi awiri, mpaka ntchafu kuwawa.

Lachiwiri la mlungu wachinayi, Masita anapinda malaya n'kuonetsa mphini zakuda pamkono. Anatenga chikwanje, n'kudzimenya nacho katatu pamkono pomwepo. Phu! Phu! Phu! Magazi ayi, ngakhale kachizindikiro. Amayi anaimba nthungululu.

"Lachisanu ndikutemerani nonse," anatero, akuonetsa lumo limodzi lokha. "Mukatero, wakuba akakutulutsirani mpeni, musathawe ayi. Mumuyandikire."

Esnat nayenso anaomba m'manja, ndipo misozi inalengeza, poganiza kuti mwina mavuto ake atha. Koma panali kanthu kena. Pamene Masita ankakweza chikwanje chija, dzuwa lolowera pa chiboo cha lata linachiomba, ndipo m'mbali yonse yodulira munayera kamzere konyezimira. Kamzere kameneko kanamutsatira njira yonse yobwerera kunyumba, osadziwa kuti kakumuvutiranji.

Anapeza bambo ake, a Lackson, ali pakhonde ndi mwala wonolera. A Lackson anadulira tiyi zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma, nyengo yodulira ikafika anzawo ankawabweretserabe mipeni kuti anole. Ananola, n'kukweza mpeni kudzuwa, n'kuupendeketsa uku ndi uku. Esnat anali atawaona akuchita zimenezo kuyambira ali mwana, koma tsiku limenelo anaima.

"Ababa, mukamaukweza choncho mumayang'ana chiyani?"

"Iwe, wakulira pano ukufunsa zimenezo?" anaseka a Lackson. "Ndimayang'ana kuwala. Kukamwa kwa mpeni kukamanyezimira, ndiye kuti ukadali wobuntha. Wakuthwa sunyezimira, kukamwa kwake sikuoneka n'komwe."

Esnat anakumbukira kamzere konyezimira ka pachikwanje cha Masita. Masiku atatu otsatirawo nkhaniyo sinamuchoke m'mutu. Ankadzifunsa kuti nanga ngati maso ake anamunamiza, n'kuchititsa manyazi munthu wokhwima, zimuthera bwanji? Nanga ngati sanamunamize, Queen adzayandikira mpeni weniweni akudalira timphini tiwiri? Ndipo pansi pa zonsezo panali mantha ena aakulu: ngati Masita ndi wabodza, ndiye kuti iye alibenso kolowera.

Lachisanu anakulunga mpeni wa bambo ake m'chitenje n'kuuika pansi pa juzi. Amayi anandanda pamzere atapinda manja a malaya, Queen patsogolo. Masita atang'amba pepala la lumo, Esnat anatuluka pamzere. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Masita, musanatitemere, tayesani kaye ndi uwu."

Anavundukula chitenje. Mpeni wodulira tiyi ndi wopindika kunsonga, ndipo aliyense wa ku Thyolo amadziwa zimene umachita ku nthambi yonenepa ngati chala chachikulu.

Masita anauyang'ana mpeni uja, n'kubweza mkono wake kumbuyo.

"Mankhwala sayesedwa, amayi. Chitsulo chimene chagwidwa ndi munthu wokayika chimasukulutsa mphamvu."

"Nanga wakuba uja azidzayamba wakhulupirira kaye?" anafunsa Queen.

Queen yemweyo anatola chikwanje cha Masita, n'kuyendetsa chala kukamwa kwake. Kenaka anatenga nzimbe imene mayi wina anabwera nayo, n'kuitema ndi mphamvu zake zonse. Nzimbe inangophwanyika, osaduka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmene amayi ankamaliza kukuwiza, Masita anali atatulukira khomo lakumbuyo, masatifiketi ake atawasiya pakhoma.

Amayi anamunyamula Esnat m'mwamba, koma iye sanaseke. Atafika kunyumba analira kwambiri. Wabodza uja anali atagwidwa, inde, koma njira ya m'bulugama inali ikadali pomwepo, ndipo mvula inali itatsala miyezi inayi.

Amene anamutsina khutu anali namwino amene anamusoka bala uja. Atakumana naye pokatenga mankhwala a mwana kuchipatala, namwinoyo anamuuza za Mayi Rhoda, mphunzitsi wa pulayimale amene anasewera judo ali mtsikana ku Blantyre. Ankaphunzitsa amayi pabwalo la sukulu Lamlungu masana, poti ku Makwasa Loweruka ambiri amakhala ali ku Sabata.

Ulendo uno Esnat sanathamangire. Safunsa adadya phula. Lamlungu loyamba anangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumaonerera, akudikira kuti amuthamangitse. Palibe anamuthamangitsa. Pambali pake panakhala amuna awiri odikira akazi awo, akudya chinangwa. Mayi Rhoda anali wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, atavala tiraki yakale, lamba osaoneka paliponse. Mayi wina atavulala bondo, anamukhazika pansi osamuseka.

Lamlungu lachiwiri Esnat anawafunsa amene anawaphunzitsa. Mayi Rhoda anatchula dzina, anatchula malo, n'kulemba nambala pakapepala. Esnat anabwereka foni ya Queen n'kuimbadi. Anayankha bambo wachikulire amene anati, "Rhoda? Wamfupi uja? Anandigwetsapo kawiri ameneyo, mumuuze ndikukumbukabe."

Komabe mtima unakana kukhazikika. Lamlungu lachitatu anabweranso ndi chitenje chija. Anthu atabalalika, anachivundukula pamaso pa Mayi Rhoda.

"Madamu, munthu atakutulukirani ndi uwu, mungatani?"

Mayi Rhoda anauyang'ana mpeni uja n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Ndingathawe, achemwali. Ndingathawe ndikukuwa. Mkono wanga ndi mnofu ngati wanuwo, ndipo amene angakuuzeni zosiyana akufuna kukuphetsani. Chimene ndingakuphunzitseni n'chakuti akakugwirani mudziwe kupulumuka, kuti mupeze mpata wothawira."

Esnat anakhala pansi pomwepo n'kulira. Kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi ija, munthu wodziwa kumenya anali atamuuza kuti kuopa mpeni si uchitsiru. Anawafotokozera zonse, za dengu, za zingwe, ndi za mawu amene anakana kutuluka.

"Lamlungu mubwere ndi dengulo," anatero Mayi Rhoda.

Sizinali zophweka. Mayi Rhoda ankakoka dengu kumbuyo, Esnat n'kumagwa chagada monga tsiku lija, thupi lonse litauma. Anagwa kambirimbiri. Pang'onopang'ono anaphunzira kugwetsa mapewa, kuponya manja kumbuyo, n'kuvuuka m'zingwe ngati munthu wovula jekete. Koma kukuwa ndiko kunavuta. Anzake ankakuwa mpaka agalu a m'midzi kuyankha, iye kumangotulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Kawiri konse ananena kuti basi wasiya. Kawiri konse Queen anabwera kudzamutenga.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Tsiku lolemba ntchito Esnat anadutsa m'bulugama muja pakati pa amayi asanu ndi atatu, poti Mayi Rhoda anawalangiza kuti aziyenda pagulu. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira, koma anafika, ndipo dzina lake linalembedwa.

Tsono moyo sufunsa ngati wakonzeka. M'mawa wina mu Januwale mwana wake wamng'ono anadzuka thupi likutentha. Mmene ankamaliza kumupatsa mankhwala n'kumusiya ndi agogo ake, gulu linali litanyamuka kale. Esnat anaima polowera m'bulugama, nkhungu ili tolo, mawu a anzake akumvekera chapatali. Anaganiza zobwerera. Kenaka anaganiza za kapitawo, n'kulowa.

Ali pakati, masamba anachita tswa kumbuyo kwake, ndipo dengu linakokedwa.

Mapewa anagwa okha, manja anapita kumbuyo okha. Munthu uja anatsala atakumbatira dengu lopanda kanthu, mpeni uli m'dzanja lina. Esnat anali kale patali, ndipo m'chifuwa mwake munatuluka mfuu imene iye mwini sanaizindikire.

"Wakubaaa! Amayi inu, wakubaaa!"

Kutsogolo kunayankha Queen, kenaka amayi onse, kenaka wezulo ya mlonda wa esiteti. Wakubayo anataya dengu n'kuliyatsa liwiro kulowera kumtsinje. Esnat anagwera m'manja mwa anzake, wopanda bala ndi limodzi lomwe. Atapuma, anabwerera nawo kukatola dengu lake, ndipo tsiku limenelo anathyola tiyi mpaka kuweruka.

Madzulo a Lackson atamva nkhaniyo anapukusa mutu, akubisa kumwetulira.

"Ndiye miyezi yonse ija unkaphunzira kuthawa basi?"

"Eya ababa," anayankha Esnat, mawu atasasa. "Ndipo ndakhoza."

Lero mukapita pabwalo lija Lamlungu masana, mukamupeza Esnat akuthandiza Mayi Rhoda, madengu ali ndandanda pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi watsopano akabwera, Esnat samulola kuyamba tsiku lomwelo. Amamuuza kuti akhale pansi kaye aonerere, afunse amene anawaphunzitsa, abwere ndi mwamuna wake kapena mchimwene wake ngati akufuna. Mantha sanamuthere onse. Mpaka pano akafika m'bulugama muja mtima umagunda, koma miyendo imayenda.

Inu amene mukufuna wokuphunzitsani kudziteteza, musatengeke ndi lamba kapena mapepala a pakhoma. Amene akutseka chitseko, amene akukwiya mukamufunsa, amene akukulonjezani kuti mpeni sudzakulowani, m'thaweni msanga kuposa wakuba. Ndipo inu amene munagwapo, mawu n'kukana kutuluka, musadziweruze kuti munatha. Mawu a Esnat anabwerera patapita miyezi isanu ndi inayi, ndipo tsiku limene anabwerera anamveka mpaka kwa mlonda. Musataye mtima, anunso akadalimo.