Magazini a Amake Ronald

Pa msika wa Milonde mukafunsa za Millie Nakhumwa, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti amake Ronald a zitumbuwa, aliyense akulozerani pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pomwe a kabaza amaimika njinga zawo. Pamenepo ndi pomwe akhala akugulitsira kwa zaka zoposa makumi awiri. Ine ndine Lenard Mulepa, ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale yoyendera ya m'derali, ndipo mayi amenewa anandiphunzitsa ntchito imene ndinkaganiza kuti ndikuidziwa kale.

Amake Ronald anabadwira ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Ruo, ndipo pakhomo pawo ankalankhula Chilomwe chokhachokha. Sukulu anailekezera Sitandade 4, chaka chomwe mayi awo anadwala, ndipo atangosinkhuka anayamba kuthyola tiyi. Anathyola zaka khumi ndi zinayi mpaka msana unakana dengu. Amuna awo, a Mackson, anamwalira Ronald asanayambe sukulu. Apo ndi pomwe anayamba kukazinga zitumbuwa, ndipo ndi zitumbuwazo anamulera mwanayo mpaka anakapeza ntchito ku Blantyre.

Mapepala okulungira zitumbuwa ankagula kwa bambo wina amene ankabwera ndi mitolo ya nyuzipepala zakale pa njinga kuchokera ku Limbuli. M'mitolomo munkapezekanso magazini. Koma pepala la magazini ndi loterera, silimwa mafuta, ndipo ogula ankadandaula kuti likuwadetsera zovala. Choncho magazini onse ankawaika padera. Kutaya ankaona ngati tchimo, poti anali okongola. Msika ukazizira ankatsegula imodzi n'kumaona zithunzi. Kenako anayamba kuwerenga timawu ta pansi pa zithunzizo, ndipo wogula akakhala mwana wa sukulu kapena mphunzitsi, ankamufunsa tanthauzo la mawu amodzi asanamupatse chitumbuwa chake. Umu ndi mmene anabwezeretsera kuwerenga komwe anakusiya ali mwana.

Zonsezi ine sindinkazidziwa mpaka mu Januwale 2023, pomwe ndinapatsa ana a Fomu 3 ntchito yoti akonze magazini ya sukulu. Ndinawauza kuti ayambe afufuza mmene magazini imakhalira, adziwe anthu amene adzaiwerenge, kenako akonze ndondomeko ya zolembamo. Nditafunsa kuti ndi angati anagwirapo magazini m'manja, pa ana makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi anakweza mkono atatu okha. Mu laibulale yathu munali mabuku a silabasi basi. Ndinaima kutsogoloko ndi choko m'manja, osadziwa poyambira.

Mtsikana wina, Lily Nakhumwa, anakweza mkono mwamanyazi.

"Sala, azakhali anga ali nawo ambiri magazini."

"Azakhali ako ati?" anafunsa mnzake wina. "A zitumbuwa aja?"

Kalasi yonse inaseka. Nanenso, ndisabise, ndinamwetulira. Komabe Loweruka lake ndinapita ndi Lily kunyumba kwa azakhali akewo.

Anatilandira pakhonde, natipatsa mipando, iwo n'kukhala pa mkeka. Nditafotokoza chomwe ndabwerera, anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka thumba la feteleza, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. Ankawasunga pa thandala, kuopa chiswe. M'matumbamo munali magazini a Chingerezi, a Chichewa ndi ena a Chipwitikizi, omangidwa ndi luzi m'magulumagulu.

"Awa ndi a ulimi," anatero akuloza. "Awa a zaumoyo. Awa a kutchalitchi. Awa ndi a anthu ongovala, osagwira ntchito iliyonse."

"Amayi, mungatibwereke?" ndinafunsa.

"Tengani, aphunzitsi. Koma ana asamanyowetse chala ndi malovu potsegula. Komanso tsiku lina ndidzabwere ndidzaone chomwe akuchita nawo."

Tinanyamula matumbawo pa njinga ziwiri. Kwa milungu itatu ana anakhala akuwasanthula m'magulu. Anaphunzira kuti chikuto ndi chiyani, kuti mitu ya nkhani imalembedwa motani, kuti tsamba la zamkatimu limakhala pati. Kenako anakonza ndondomeko yawo. Magazini idzakhala ya Chingerezi chokhachokha, pachikuto padzakhala woimba wina wa kunja, mkati mudzakhala mpira wa ku Ulaya ndi zovala za makono. Ine ndinaiona kuti ili bwino, poti inkafanana ndi magazini enieni.

Amake Ronald anabwera Lachinayi masana, atavala chitenje chatsopano, nakhala pa desiki yakumbuyo. Anamvetsera gulu lililonse mpaka kumapeto. Nditawapempha kuti anenepo mawu, anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana.

"Mwagwira ntchito, ana anga. Koma ndifunse. Adzawerenge ndani?"

"Aliyense!" anayankha angapo.

"Aliyenseyo amakhala mudzi uti? Ine sindinamugulitsepo chitumbuwa."

Ana anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina. Mayiwo anapitiriza kunena kuti kwa zaka zambiri akhala akuona anthu akufunyulula pepala la chitumbuwa n'kuyamba kuliwerenga ali chiimire. Abambo amasaka mitengo ya mbewu ndi zigoli za matimu akuno. Amayi amaima pa nkhani za matenda a ana. Koma chomwe aliyense amafuna koposa ndi nkhope yoti akuidziwa kapena dzina la malo akwawo. Anatiuza za mayi wina amene anapinda bwinobwino pepala lamafuta n'kuliika m'thumba chifukwa choti panali dzina la mudzi wa kwa amake.

"Musandikhulupirire ine," anatero pomaliza. "Tsiku la msika mubwere pa mango paja mudzawafunse eni ake."

Tinapitadi. Ana anakhala mozungulira beseni la zitumbuwa ndi makope awo, ndipo aliyense wogula ankafunsidwa mafunso asanu. Akuluakulu ena ankayankha m'Chilomwe chakuya chomwe ana ambiri sachimvetsa, ndipo amake Ronald ankamasulira uku akukulunga zitumbuwa. Pofika masana tinali ndi mayankho a anthu oposa makumi asanu ndi atatu. Ambiri ankafuna Chichewa, malembo akuluakulu owoneka ngakhale kwa wa maso ofooka, nkhani za ulimi, ndiponso nkhani za anthu akonkuno. Woimba wa kunja uja palibe ndi mmodzi yemwe anamutchula. Ine kafukufuku wa owerenga ndinali nditamuphunzitsa kambirimbiri pa bolodi, koma tsiku limenelo ndi pomwe ndinamuona ndi maso.

Tikukonzanso ndondomeko, mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, mitsinje inasefukira, ndipo madzi ndi matope zinatenga nyumba, minda ndi anthu. Nyumba ya amake Ronald inagwa. Anapulumuka ndi bulangete ndi chiwaya chawo chokazingira basi. Sukulu zinatsekedwa, ndipo iwo pamodzi ndi anthu ambiri anakakhala ku kampu pa sukulu ina ya pulayimale.

Misewu itayamba kupitika ndinakawaona. Ndinawapeza akuanika zovala za ana a eni ake pa mpanda. Ndinkafuna kuwapatsa nkhani yabwino ngakhale imodzi, ndiye ndinawauza kuti magazini awo onse ali bwinobwino mu kabati ya ku ofesi ya aphunzitsi, sananyowe.

Anagwedeza mutu. "Zikomo. Nanga ana aja alipo onse?"

Ndinawauza kuti onse ali moyo, koma awiri ataya abale awo. Anakhala pansi n'kundifunsa maina a anawo ndi midzi yawo.

Sukulu itatsegulidwa ndinaganiza zoisiya ntchito ya magazini. Ana anali atabalalika maganizo, makope awo ambiri anapita ndi madzi, ndipo silabasi inali itatsalira. Koma anawo anakana. Anati akufuna alembe zomwe zachitika m'midzi yawo, ndi maina a anthu amene anapita, poti pa wailesi ankangomva chiwerengero. Ine ndinachita mantha. Mwana wa Fomu 3 angakafunse bwanji munthu amene waika maliro posachedwapa? Ndinapita kwa amake Ronald, omwe panthawiyo anali atayambanso kukazinga, ndipo ndinawauza nkhawa yanga.

"Aloleni," anatero. "Ndizipita nawo ine."

Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri ankasiyira mnzawo beseni n'kutsagana ndi gulu limodzi la ana. Asananyamuke ankawalangiza. Kope likhale m'thumba kufikira mwini nkhani atavomera. Muyambe mwapereka moni, mukhale pansi, ndipo mukapeza akugwira ntchito muwathandize. Munthu akulira musamujambule. Mukatha kulemba mumuwerengere zomwe mwalembazo, kuti ngati pali chomwe sakufuna achichotse yekha. Ndinapita nawo kawiri, ndipo ndinaona mmene anthu ankamasukira akangomva mayiwo akupereka moni wa Chilomwe woti "Mosheliwa?" asanafike n'komwe pabwalo.

Panali bambo wina, a Kingstone, okonza njinga, amene anataya mkazi ndi mwana wamkazi. Ana atafika pakhomo pawo, bamboyo anangowayang'ana n'kupitiriza kupopa tayala. Mnyamata wina wa m'gululo anafuna kufotokoza kachiwiri, koma amake Ronald anamugwira pa phewa.

"Tiyeni. Munthu sakakamizidwa."

Anapepesa, natsazika, n'kubwerera. Patapita milungu iwiri a Kingstone anafika okha pa mtengo wa mango paja. Anagula zitumbuwa ziwiri koma sanadye. Kenako anati, "Amake Ronald, ana aja akadzabwera mudzawauze alembe. Mkazi wanga ndi mwana wanga asasowe pamenepo." Anatchula maina, ndipo mayiwo anawasunga pamtima mpaka madzulo pomwe anakauza Lily.

Magazini inatha mu Julaye. Ana anaitcha Tilipo. Inali ya masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, yambiri m'Chichewa, ndipo tinakaipangitsa fotokope ku Limbuli, makope makumi asanu. Munali nkhani za anthu opulumuka, malangizo a alangizi a zaulimi pa zodzala m'dimba pambuyo pa madzi osefukira, ndiponso tsamba la maina. Ana ankafuna kuti pachikuto pakhale amake Ronald, koma iwo anakanitsitsa. Anati aikepo amayi a m'mudzi wina omwe ankaumba njerwa zomangirananso nyumba, ndipo zinatero.

Tsiku logawa magaziniyo tinaitana makolo ndi a komiti ya sukulu. Anthu atakhala kale pansi, ahedi akudikira kuti atsegule mwambo, ndinapatsa amake Ronald kope loyamba kuti angoliona. Anatsegula tsamba la maina n'kuyamba kutsata ndi chala, milomo ikugwedera. Chala chinaima.

"Aphunzitsi, apa mwalakwitsa. Mkazi wa a Kingstone sanali Ellen. Anali Ireen."

Ndinayang'ana. Zinali zoona, ndipo wolakwitsa ndinali ine polemba pa kompyuta. Ndinawanong'oneza kuti anthu adikira kale, tidzapepesa m'magazini yotsatira.

"Ayi," anatero. "Bambo uja anayenda yekha kudzatchula dzina limeneli. Adikire ahediwo."

Ndinapita kukawauza ahedi, ndipo iwo sanatsutse. Ana khumi anakhala mu ofesi ndi zolembera zakuda, makope asanu aliyense, n'kufufuta dzina lolakwikalo ndi kulemba loyenera pamwamba pake. Amake Ronald anaima pakhomo n'kumaona kope lililonse lisanatuluke. Mwambo unachedwa ndi theka la ola, ndipo palibe anadandaula atamva chifukwa chake.

A Kingstone sanabwere ku mwamboko. Anthu atabalalika, amake Ronald anatenga kope limodzi n'kundiuza kuti tiwaperekeze, ine ndi Lily. Tinawapeza bamboyo pansi pa chisakasa chawo, akumanga masipoko. Anapukuta manja pa buluku asanalandire. Anati maso awo saona bwino timalembo, ndiye Lily anagwada pambali pawo n'kuwawerengera maina awiriwo. Bamboyo anapempha kuti awerengenso. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi nzimbe zitatu n'kutipatsa aliyense yake.

Pobwerera ndinayesa kuwathokoza amake Ronald ndi mawu ambiri amene ndinali nditawakonza. Anandimvetsera pang'ono, kenako anandidula.

"Zamveka, aphunzitsi. Koma yendani msanga, ufa wa mawa sindinasinje."

Lero amake Ronald ali m'nyumba yatsopano ya zipinda ziwiri yomwe Ronald ndi anthu a kutchalitchi kwawo anawamangira. Msana ukuwavutabe, ndipo masiku ena pa msika sabwera. Lily ali ku koleji, akuphunzira za utolankhani. Ine ndikadali pa sukulu yomweyi, ndipo chaka chilichonse ndikamayamba ntchito ya magazini ndi Fomu 3 yatsopano, ndimayamba ndakawafunsa mayiwo kuti ndi tsiku liti lomwe angathe kubwera.