Mailo a ku Chipata

Ndinanyamuka ku Chiosya dzuwa lisanatuluke. Ndinavala jombo zanga zakale za usilikali. Ndinali nditazipolisha.

Usilikali ndinapuma nditayendetsa malole zaka zambiri. Kumudzi ndinayesa fodya. Anandikana. Chimene chinatsala n'kukakhala tenanti pa esiteti ya munthu. Mkazi wanga Nabanda anati ndikangovomera zimenezo, iye abwerera kwawo.

Dzulo lake anali atandiimbira Mwale, msilikali wopuma wa ku Zambia. Tinadziwana ku Congo, ine ndili pa udindo wa kopolo. Netiweki ya kwathu imadukaduka, ndiye ndinangotola zidutswa: "Ba Kopolo... payiloti... pansi pa madzi... damu... mayeso... mailo... bwelani." Foni inaduka. Ndinayesa kuimbanso, osalowa. Liwu loti mailo ndimalidziwa, kwa anzathuwo limatanthauza mawa. Ndinalongedza.

Wa kabaza wa njinga yamoto anati 3,000 kwacha mpaka pa tala. Sindinanenerere.

"Madala, mwatchenatu. Kuli ukwati?"

"Ntchito."

"Yanji?"

"Upayiloti."

Anatembenuka kundiyang'ana. Njinga inatsala pang'ono kulowa m'munda wa mtedza.

"Wa ndege?"

"Wa pansi pa madzi."

Anangowonjezera liwiro.

Mu minibasi yopita ku boma ndinakhala pa thumba la chimanga, mawondo ali pachibwano. Ndinayamba kuganiza. Kusambira sinditha. Madzi amene ndimawadziwa ndi a m'dambo, olekeza m'mawondo. Lole ndimaidziwa, ikafa umatsika n'kutsegula boneti. Nanga chinthu chikafera pansi pa damu umatsikira kuti?

Pa boda ndinafika dzuwa litakwera. Malole anali atandanda mpaka kutali. Ndinadinditsa chiphaso. Wosintha ndalama wina anandikakamira. Ndinam'patsa makwacha athu odzaza dzanja, iye anandipatsa makwacha awo, timapepala tochepa. Dzina ndi limodzi, kulemera kosiyana. Naye anafuna kudziwa kumene ndikupita. Ndinamuuza.

"Aa, bigi, imeneyo ndi sitima yomira, ngati za m'mafilimu. Amakutsekerani mkati ngati nsomba za m'chitini."

"Mpweya?"

"Mumapita ndi wanu."

Ndinagula chipisi cha pachiwaya. Ndinangodyako pang'ono. Ndinachikulunga m'pepala.

Ku Mwami, mbali ya Zambia, ndinakwera takisi yaing'ono. Tinapanikizana kutsogolo, giya ili pakati pa miyendo yanga. Ku Chipata ndinafunsa za damu limene kuli anthu a makina. Wa njinga wina analidziwa. Tinatuluka m'tauni, tinadutsa minda, tinakwera kaphiri.

Masana ndinali pa damu. Panali tenti, jenereta ndi galimoto imodzi. Sitima sindinaione. Mzere wa ofuna ntchito panalibenso. Mwale anatuluka mu tenti, atanenepa.

"Ba Kopolo! Mwabwela!"

"Mayeso ali kuti?"

"Mayeso? Ninakuuzani pa foni kuti mailo."

"Ndiye ndabwera."

"Awe, mudala. Mailo yamene yapita."

Ndinakhala pansi pa mwala. Ndinali nditaiwala kuti kwawoko dzulo nalonso ndi mailo. Mwale anati mawu ake onse anali akuti mayeso adutsa, koma ndibwerebe ndidzaonane ndi abwana. Netiweki inadya pakati.

Abwanawo anali mayi, a Tembo, ovala chipewa cholimba. Anandiyang'ana kuyambira ku jombo.

"Ndimwe a ku Malawi? Malo ya payiloti yasila. Tinatenga kale."

Ndinaima njo, manja kumbuyo. Ndinapempha kuti ndingoiona sitimayo ndisanabwerere.

Mwale anavundukula lona. Pansi pake panali kabokosi kachikasu, kukula ngati kreti ya zakumwa. Kanali ndi nyali ziwiri, diso lagalasi ndi timapiko tozungulira. Kumsana kwake kunatuluka chingwe chachitali chokulungidwa pa gudumu.

Ndinakazungulira kawiri.

"Munthu amalowera pati?"

Mwale anaseka mpaka kutsokomola. A Tembo anayesa kudzigwira, analephera. Kenako anandilongosolera. Kabokosiko kamamira kokha, kukaona ngati khoma la damu lang'aluka kapena paipi yatsekeka. Payiloti amakhala mu tenti, pa mpando, akuyang'ana pa sikirini ndi kukankha timitengo tiwiri. Sanyowa ngakhale chala.

Ndinayang'ana pa sikiriniyo atakamiza. Munali bii ngati thobwa. Mwale, amene ankakayendetsa, anati akuona khoma. Ine sindinaone khoma.

A Tembo anati munthu wawo wogwira chingwe anawathawa, dzuwa linamukwana.

"Muziba kumvela?"

"Ndinali msilikali, mayi."

Anandipatsa magolovesi n'kundiimika m'mphepete mwa madzi. Mwale ankakuwa ali mu tenti. "Pelekani!" Ndinkapereka. "Imani!" Ndinkaima. "Donsani!" Apo ndinayang'ana a Tembo. Anandionetsa ndi manja kuti ndikoke. Chingwe chinkanjenjemera m'manja, nthawi zina n'kugutukira kumbali ngati mbuzi yokana kupita ku msika. Chimene chinkachitika kunsi kwake sindinkachidziwa. Ndinaima pamenepo mpaka mthunzi wa tenti unafika pa madzi. Sindinapemphe kukhala pansi.

Kabokosi katavuuka, a Tembo anati ndiyambire pa chingwe. Mwale nayenso anayambira pomwepo. Ndikazolowera adzandikhazika pa mpando. Ndinafunsa ngati kusambira kukufunika. Anati chachikulu ndisagweremo.

Pa ulendowu ndaphunzirapo zochepa. Munthu wa ku Zambia akakupatsa tsiku, um'funse kawiri. Zina zonse sindinazimvetsebe. Kale ndinkayendetsa chinthu ndili mkati mwake, msewu ndikuuona. Kuno woyendetsa amatsala, galimoto n'kupita yokha.

Madzulo ndinakwera pa chulu kusaka netiweki. Nabanda anayankha msanga.

"Mwaipeza?"

"Ndaipeza. Ku esiteti sitipita."

"Ambuye alemekezeke. Ndiye muziyendetsa chiyani?"

"Pakali pano chingwe."

"Chingwe cha chiyani?"

"Cha sitima. Ili pansi pa madzi."

"Nanga inu muli pati?"

"Pamtunda."

Ndinayesa foni yadukanso.

"Bambo a Chikondi," anatero, "mwamwa?"