Kanjedza wa a Timoteyo Makwinja

A Timoteyo Makwinja sanali a kuno. Anachokera ku Phalombe pa lole ya matenanti, iwo ndi akazi awo a Anasi, kudzalima fodya pa esiteti ina kuseri kwa Mkanda. Fodyayo analima chaka chimodzi chokha. Kapitawo ataona kagwiridwe kawo ka nkhwangwa, anawachotsa kumunda n'kuwapatsa ntchito yodula nkhuni zowotchera fodya m'mabani. Anadula zaka khumi ndi zinayi. Misuku, mitondo, miwanga, mpaka katope ndi mikuyu ya m'mbali mwa kamtsinje kathu, zonse zinathera m'bani. M'chaka cha chilala cha 1992 kamtsinjeko kanauma mu Juni, ndipo sikanabwererenso mwakale.

Ine ndinawadziwa chifukwa tinkakhala pa benchi imodzi, ya kumbuyo, m'tchalitchi chathu cha Katolika. Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wosaimba nawo nyimbo. Tinakhala limodzi zaka zambiri tisanalankhule mawu opitirira moni.

Za kanjedza anandiuza kamodzi kokha, tikukankha njinga pa mchenga. Pa Lenti ya 1993 anapita kukalapa kwa bambo mfumu okalamba, mzungu, amene ankabwera kwathu pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi iwiri.

"Ndinati, Bambo, ndapha mtsinje. Iwo akuti, mwapha ndani? Ndinati mtsinje. Kenaka akuti, munachita kutumidwa. Ine ndinati, inde, koma nkhwangwa inali m'manja mwanga."

Bambowo anawafunsa ngati kunatsala kanthu. A Timoteyo anayankha kuti kumutu kwa dambo kunatsala kanjedza yekha, poti sayaka bwino m'bani.

"Ndiye anati, malipiro a machimo anu ndi amenewo. Kasamaleni watsalayo, asafe."

Bambowo sananene kuti mpaka liti. Chaka chotsatira anabwerera kwawo, ndipo tinamva kuti anamwalira. Munthu wina akanapalira kamodzi n'kuiwala. A Timoteyo anangoti popeza mwini mawu sanawamasule, ntchito ikadalipo. Nkhwangwa anabweza kwa kapitawo, nabwerera kumunda wa fodya.

Mitengo ya kanjedza inalipo makumi awiri ndi itatu. Malowo sanali awo. Analibe ngakhale mzere umodzi wa dothi kuno ku Mchinji. Dambolo linali la banja lina la m'mudzi, ndipo banjalo silinkasamala za kanjedza. Mwezi wa Ogasiti uliwonse a Timoteyo ankalambula udzu kuzungulira mitengoyo kuti moto wolusa usafike. Akaweruka kumunda ankadzera komweko. Loweruka loti mawa ndi Lamulungu la Kanjedza ankadula okha nthambi za mpingo wonse, ziwiriziwiri pa mtengo, za m'munsi zokhazokha, kenaka n'kuzing'amba kuti aliyense apeze kake. Ankafika nazo manja ali magazi chifukwa cha minga. Chaka chikatembenuka ankayenda m'makomo kutolera zouma zija, zoti ziwotchedwe pa Lachitatu la Phulusa.

Mavuto anayamba matipate atabwera. Anthu ankati zinthu zasintha, palibe woletsa mnzake. Amayi anayamba kudula kanjedza wa matsache ndi timikeka, ogula n'kumapita nazo ku boda. A Timoteyo analibe mphamvu yoletsa. Ankangoima pomwepo, chipewa chili m'manja.

Tsiku lina ndinawapeza atazunguliridwa ndi amayi anayi, patsogolo pali a Esitele, omwe ankatsogolera kwaya yathu. Amayiwo ankawatchula a Kalongonda, powaseka ndi nyemba za kwawo zija.

"A Kalongonda, munthu wa ku Phalombe mwayamba liti kukhala mwini dambo?" anatero a Esitele.

"Sindine mwini, mayi. Ndine wantchito."

"Wantchito wa ndani?"

A Timoteyo analoza kumwamba ndi chipewa. Amayi aja anafa nacho chiseko.

"Iii, bwana wanuyo amapereka phoso? Mutilembetseko ifenso!"

"Dulani, mayi, sindikukanizani. Koma dulani za m'munsi. Yapakatiyo, yoyerayo, musaikhudze. Umenewo ndi mtima. Mukaudula mtengo wonse wapita."

"Tamva, a Episkopi a kanjedza."

Ankawaseka, koma ambiri ankamvera. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha popanda mtengo ndi umodzi womwe wakufa. M'tsinde mwa mitengoyo munkatuluka timadzi, ndipo mu Okutobala, zitsime zina zikauma, amayi omwewo ankatunga pamenepo.

M'chaka cha 2000 mwana wa a Esitele, Maliko, anadzozedwa unsembe. Chiyambire, mudzi wathu unali usanatulutsepo wansembe. Misa yake yoyamba kwathu inakonzedwa mu Ogasiti, ndipo komiti ya tchalitchi inagwirizana zomanga zipata za kanjedza kuyambira pa msewu waukulu mpaka pakhomo la tchalitchi. Atafunsidwa pa msonkhano, a Timoteyo anati angathe kupereka nthambi makumi anayi ndi zisanu ndi imodzi.

"Akulu, tikulandira wansembe, osati mkamwini," anatero a tcheyamani. Anthu anaseka, nkhani n'kupitirira.

Sabata ya chikondwereroyo a Anasi anadwala chibayo, ndipo a Timoteyo anapita nawo kuchipatala ku boma. Lachisanu a kwaya ndi a komiti anatsikira kudambo ndi zikwanje, akuimba. Panalibe woipa mtima pa gululo. Nthambi za m'munsi zitatha anakwera m'mwamba. Wina anaona kuti yapakati ija, yanthete, yachikasu, ndiyo imalukika bwino mitanda ndi maluwa. Basi aliyense anafuna yomweyo. Ine ndinalipo. Mawu a a Timoteyo ndinkawadziwa. Ndinanyamula mitolo iwiri pa njinga yanga, pakamwa pali potseka.

A Timoteyo anafika Lamulungu m'mawa, atawasiya a Anasi akupezako bwino. Anatsika matola pa msewu waukulu, n'kupeza chipata choyamba. Ndinawaona akuyenda pakati pa anthu ovina. Pa chipata chilichonse ankaima, n'kuyang'ana m'mwamba, milomo ikuwerenga. Atafika pakhomo la tchalitchi anavula chipewa, nalowa, nakhala pambali panga. Sanandifunse kanthu.

Misa inali yokoma. Bambo Maliko anaimba ndi mawu a mayi awo, ndipo a Esitele analira mpaka kugwiridwa. Nthawi ya Ukalistia itakwana, benchi yathu inaimirira. A Timoteyo sanadzuke. Ndinawagwira pa phewa. Anapukusa mutu.

Kuyambira tsikulo sanalandirenso. Ku Misa ankabwera, kolona ankapemphera, ku mapemphero a mphakati sankajomba. Koma ena akamapita kutsogolo, iwo ankagwada pa malo awo.

Mitengo ija inauma umodziumodzi. Zinyalala zomwe odula anasiya zinali zambiri, ndipo mu Okutobala moto unadumpha polambula paja n'kumaliza zotsala. Moto usanafike, a Timoteyo anali atakumba mphukira zisanu ndi zinayi m'tsinde mwa mitengo yakufayo, n'kuzidzala kuseri kwa tchalitchi. Madzi ankatunga pa mjigo wa kusukulu. Zina zinadyedwa ndi mbuzi, zina ndi chiswe. Pa njala ya 2002 eni dambo anazula zitsa zonse n'kulima dimba, ndipo palibe amene akanawadzudzula, poti ana ankafa. Kuseri kwa tchalitchi kunatsala mphukira imodzi, ya masamba atatu ofiirira. Sinkakula, sinkaumanso.

Lamulungu la Kanjedza la chaka chimenecho tinayenda ndi masamba a mango.

Bambo Maliko ankatumikira ku parishi ina, kutali. Atabwera ku tchuthi, mayi awo anawauza zonse, poti a Esitele nkhaniyi inkawadya. Bambowo anandipempha kuti ndiwaperekeze ku esiteti. Tinawapeza a Timoteyo akusoka fodya pa shedi.

"Bambo Makwinja, ndamva kuti simukulandira," anatero bambo Maliko.

"Eya, Bambo."

"Cholakwa si chanu. Inu munali kuchipatala. Ine ndi amene ndinadutsa pansi pa zipata zija, ndikudalitsa anthu, osafunsa kuti zachokera kuti."

"Munakongola tsiku limene lija, Bambo. Musadandaule nalo. Linali tsiku lanu."

"Ndiye mverani. Malipiro aja munamaliza kalekale. Ine ndikukumasulani."

A Timoteyo anapitiriza kusoka. Kenaka anayankha kuti, "Bambo okalamba aja anati asafe. Wafa."

"Mphamvu imene anali nayo bambo aja ndi yomweyo ndili nayo ine. Kapena mukundiona ngati Maliko uja munkamuthamangitsa m'munda wa mtedza wa esiteti?"

Apo a Timoteyo anamwetulira pang'ono. "Ayi, Bambo. Ndinu wansembe weniweni. Koma ndikapita kutsogolo kuja ndikatambasule manja ati? Omwewa anapha mtsinje. Anapatsidwa kanthu kamodzi koti asunge."

Bambo Maliko analankhula nthawi yaitali za chifundo cha Mulungu. A Timoteyo anamvetsera mwaulemu. Pomaliza anati, "Tichite chonchi, Bambo. Kuseri kwa tchalitchi kwatsala mmodzi. Akatulutsa tsamba latsopano, ndidzadziwa kuti sanafe yense. Ndidzalandira." Bambowo anayesetsa, koma kuposa apo sanapite nawo.

Mu 2003 esiteti inagulitsidwa, ndipo mwini watsopano sanafune matenanti okalamba. Atakhala kuno zaka makumi awiri ndi zisanu, a Timoteyo ndi a Anasi anamanga katundu wokwana pa njinga ziwiri. Ndinawaperekeza ku msewu mu Julayi. Podikira lole anandipatsa kapepala ka keyala ya sukulu ya kwawo.

"Achimwene, ndowa imodzi Lachitatu, ina Loweruka. Akaphuka mundilembere. Koma muone ndi maso anu."

Ndinavomera. Za mitolo iwiri ija sindinawauze, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa.

Ndinathirira monga anandiuzira. Ndinamanganso kampanda ka minga. Mu Sepitembala kunabwera kalata yawo ya mizere inayi. Anati afika bwino, chifuwa chikuwavuta, ndipo akufunsa za mlendo wathu wa kuseri kwa tchalitchi. Ndinapita kukayang'ana. Panalibe chosintha. Ndinaganiza zodikira kaye kuti ndidzawalembere nkhani yabwino. Okutobala anadutsa, Novembala anadutsa, ine osayankha.

Mvula inagwa mochedwa. Pa 14 Disembala, Lamulungu, ndisanalowe m'tchalitchi, ndinaona kansonga kobiriwira pakati pa masamba ofiirira aja, kotalika ngati chala. Dzulo lake ndinali nditathirira, ndipo panalibe. Ndinalemba kalata tsiku lomwelo, Lolemba n'kupalasa njinga mpaka ku positi.

Yankho linafika kumapeto kwa Januwale. Linali la a Anasi, lolembedwa ndi mphunzitsi wa kwawo. A Timoteyo anamwalira pa 2 Novembala. Ankafunsa za kalata yanga tsiku lililonse. Atafooka kwambiri, bambo mfumu a kumeneko anabwera ndi mafuta a odwala ndi Ukalistia. Mafuta analandira, koma Ukalistia anakana.

"Ndiye ine ndinatuluka panja," inatero kalatayo, "ndinatenga pepala la nyimbo za kwaya, ndinalowa nalo. Ndinati, abambo, kalata ya ku Mchinji ija yafika, akuti kanjedza waphuka. Maso awo anali atasiya kuona bwino. Anagwira pepalalo, anafunsa kuti masamba angati. Ndinati limodzi. Anati, limodzi lakwana. Analandira, ndipo mawa lake anatisiya. Tsopano achimwene, chinthu ichi chikundisowetsa mtendere, ndipo nanenso sindinalandire chichokereni iwo. Inu mwalemba kuti waphuka, koma simunalembe tsiku. Mundiuze tsiku lake lenileni, kuti ndidziwe ngati ndinawanamiza amuna anga pa imfa yawo."

Kalatayo ndinakhala nayo masiku atatu. Tsiku ndinkalidziwa bwino lomwe. Ndinawalembera kuti ine ndine wokalamba, maso anga ndi ofooka, ndipo mwina tsambalo linatuluka kale ine osaliona. Tsiku lenileni, ndinati, sindikulidziwa.

A Anasi sanalembenso.